Nyemba Zopanda Mchere ku Area 10

Pali kaphokoso kamene mphika wamagetsi umachita ukamatulutsa nthunzi, kokhala ngati munthu akuletsa ana kulongolola m'tchalitchi. Kamayamba mwaukali, kenaka kamatsika pang'onopang'ono mpaka kachitsulo ka pachivundikiro kagwe kokha. Ndikamva kaphokoso kameneka, ngakhale ndili pakati pochapa, mtima wanga umabwerera ku Area 10, m'kakhitchini kopanikiza ka amayi anga aang'ono, m'nyengo ya mphepo ndi fumbi, chaka chimene ndinamaliza Sitandade 6. Ndimamva fungo la nyemba zakupsa ndi anyezi, fungo la matewera oviikidwa m'beseni kuseri kwa chitseko, ndipo dzanja langa lamanja limafumbata lokha osaliuza.

Anti Rozi ndi mng'ono wawo wa amayi anga. Chaka chimenecho n'kuti atangobereka kumene mwana wawo woyamba, Takondwa. Ankakhala ndi amuna awo, amene tonse tinkangowatchula kuti ankolo, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa chinyumba cha eni ake. Ankolo ankayendetsa galimoto ya ofesi ina ku City Centre, kuchoka m'mamawa, kubwera dzuwa litalowa. Sukulu titangotsekera, ankolowo anatulukira kwathu ku Mitundu kudzandipempha kwa amayi, ndipo sanabise chimene ankandifunira. Kwathu mayi akangobereka kumene, kapena akakhala kumwezi, sathira mchere m'ndiwo. Akuluakulu amati akathira, odya ndiwozo amatupa miyendo ndi kutsokomola, ndipo khanda ndiye limagwidwa tsempho msanga. Kumudzi zimenezi sizivuta. Mayi amangosuzumira panja n'kuitana kamwana kalikonse kosatha msinkhu kamene kakudutsa, kathire mchere, kazipita kosewera. Koma ku Area 10 ungaitane mwana wa ndani? Nyumba iliyonse ili mumpanda wa njerwa, geti lotseka, agalu m'kati. Ana akumeneko tinkangowaona mitu pamawindo a galimoto.

Ankolo atakhala pampando wa ndalema pakhonde pathu anauza amayi kuti, "Akatithandiza tchuthi chino, sabwereranso kuno. Tikamulembetsa Sitandade 7 m'tauni momwemo." Amayi anawomba m'manja kuthokoza. Polongedza tizovala tanga m'jumbo anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, "Enelesi, ukupita kukathira mchere. Ntchito yako ndi imeneyo, usakaiiwale." Ine mawu amenewa ndinawameza athunthu osatafuna. M'mutu mwanga zinakhazikika kuti malo anga m'nyumba ija, ndi sukulu ya m'tauni yomwe, zagona padzanja langa lothira mchere.

Chimene chinandidabwitsa choyamba kumeneko si magetsi kapena madzi otuluka pakhoma, koma bata. Kwathu kukacha umamva mitondo, mbuzi, munthu akukalipira mwana kutsidya. Kuja kunkangomveka njiwa m'mitengo, tsache la munthu wosesa masamba kuseri kwa mpanda, ndi geti la eni nyumba likutseguka n'kutsekekanso. M'mawa kunkazizira mpaka simenti ya pakhonde kuluma kumapazi. Masana mphepo inkadzuka ndi fumbi lofiira, matewera pachingwe n'kumawomba ngati akukangana. Ndinkagona pabalaza, pamatilesi amene masana tinkaimika kuseri kwa sofa, ndipo pogona ndinkaona kuwala kofiira kochokera kukhitchini ngati anti aiwala kuzula pulagi.

Kuwala kumeneko kunali kwa pulesha. Dzina lake lonse ankati pulesha kuka, koma m'nyumbamo tinkangoti pulesha, ngati dzina la munthu. Ankolo anabwera nayo kuchokera ku Joni ulendo wina wa ntchito. Inali yakuda m'munsi, yonyezimira m'mbali, ndi mabatani kutsogolo ndi manambala ofiira amene ankatsika okha. Inkakhala pakona, pansalu yakeyake yoluka, ndipo anti ankaipukuta ngati akupukuta nkhope ya Takondwa. Tsiku loyamba nditamva ikutulutsa nthunzi ndinathawira panja n'kukabisala kuseri kwa thanki ya madzi. Anti anaseka mpaka kugwira pamimba, chifukwa bala la opaleshoni linali lisanapole.

Anandiphunzitsa malamulo ake modekha, kubwereza osatopa. Madzi asapitirire kamzere ka m'kati. Kamphira ka m'chivundikiro katsukidwe pakokha ndipo kabwezeredwe bwinobwino. Nkhope isayandikire kabowo ka nthunzi. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti zonse zimalowa usanatseke: mafuta, anyezi, tomato, madzi, mchere. "Uwu si mphika wa pamafuwa woti uzivundukula n'kumalawa," anatero. "Ukatseka watseka. Muonananso zitapsa."

Kunena zoona, sindinadyepo bwino m'moyo mwanga ngati nyengo imeneyo. Nyemba zimene kwathu zinkatha nkhuni theka la tsiku, muja zinkapsa ine ndisanamalize kuchapa matewera, zofewa mpaka pakati, msuzi wake wolemera ngati mwasinjiramo kanthu. Anti ankazikonda kwambiri, amati zimawabweretsera mkaka. Tinkaphikamo nzama, khobwe, mphale yosakaniza ndi nyemba imene tinkadya masana ndi tiyi. Mpunga unkatuluka woyoyoka, wosapserera pansi. Magetsi akamavuta tinkatereka m'mawa akangoyaka, ndipo ngakhale azime pakati, pulesha inkasunga kutentha kwake, chakudya n'kumapsa mwakachetechete m'nyumba yopanda magetsi. Ankolo ankakonda nthumbwana ndi zam'mimba zina, zothira tomato wambiri ndi katsabola. Akalowa pageti madzulo ankanunkhiza m'mwamba n'kunena kuti lero boma lakumbukira anthu ake.

Koma ine mtima wanga unali pa mang'ina. Loweruka lina anti atapezako mphamvu, tinakwera minibasi kupita ku Old Town, Takondwa ali kumsana kwawo, ine nditanyamula chikwama. Mumsika wa Lilongwe munali mothinana, fungo la usipa, la sopo, la zitenje zatsopano ndi la ngalande zonse pamodzi, anyamata a mawilibala akukuwa kuti tipatuke. Kwa ogulitsa nyama anti anasankha mapazi a ng'ombe owauka bwino, bambo wake n'kuwadula ndi chikwanje pachipika, tizidutswa ta mafupa tikuthethekera pamalaya anga. Kwathu mang'ina ankaphikidwa pamaliro kapena paukwati basi, mumphika waukulu, usiku wonse. Muja anapsa tisanamalize kusita. Nyama inkachoka yokha pafupa, msuzi ukumata milomo, zala n'kumagwirana. Ndinayamwa fupa limodzi mpaka linayera, ankolo n'kundifunsa ngati ndisiyireko agalu a eni nyumba.

Tsiku lomwelo la kumsika, pobwerera tinaima pakhonde la sitolo ya amwenye pamene pankakhala telala wina wachikulire. Anti anatulutsa nsalu yabuluu m'chikwama. Telala anandiyeza mapewa, chiuno ndi kutalika, tepi yake ikuzizira pakhosi panga, ndipo anti anamuuza kuti asiye mpata wokwanira chifukwa mwanayu akukula. Inali yunifolomu. Mu minibasi anandilozera pawindo mpanda wa sukulu imene ndikanayamba, ndi mitengo italiitali m'bwalo lake. Usiku umenewo pamatilesi panga ndinkayeseza m'mtima momwe ndidzayankhire aphunzitsi m'Chingerezi.

Ndipo pa chakudya chilichonse chimene ndatchulachi panali kamphindi kanga. Anti akamaliza kukazinga anyezi ndi tomato m'pulesha momwemo, akathira madzi, ankaima pambali n'kuitana, "Enelesi, mchere." Mchere unkakhala m'kachitini ka majarini pawindo. Ndinkasamba m'manja, kutapa kadzanja kosadzaza, kuwaza mozungulira monga anandionetsera, n'kusasa m'manja pamwamba pa mphika. Kenaka iwo ankatseka chivundikiro n'kuchipotoza mpaka chilire. Ankolo akayamikira ndiwo, anti ankati, "Thokozani mwini mchere." Ine ndinkaweramitsa mutu, koma m'kati ndinkadzimva kuti ndine munthu wofunika m'nyumbamo. Chakudya sichikanapsa popanda ine.

Tchuthi chili pafupi kutha, kunamveka kuti Loweruka kubwera alendo odzaona mwana: alongo awo a ankolo, amene tinkawatchula anaBanda, ndi amayi awiri akutchalitchi. AnaBanda ndinali nditawaonapo kamodzi. Anali mayi wamtali, wa mawu okuluwika bwino koma obaya, amene polowa m'nyumba ankayendetsa chala pawindo kuona ngati pali fumbi. Anti ankawaopa, ngakhale sankanena. Lachisanu tinakolopa paliponse, tinasankha nyemba n'kuziviika, ndipo ankolo anabwera ndi nkhuku yachikuda, thadzi lalikulu lokalamba limene pamoto wa makala likanatilaka mpaka madzulo.

Loweruka limenelo ndinadzuka m'mimba mukupota, msana ukulemera. Nditapita kubafa ndinaona kuti ndakula. Sindinadabwe ngati mwana wosadziwa kanthu, chifukwa atsikana akuluakulu ankanong'onezana zimenezi kumjigo kwathu. Ndinang'amba kansalu ku chitenje changa chakale, ndinachapa zofunika kuchapa n'kukaziyanika kuseri kwa thanki, kumene ndinabisala tsiku loyamba lija. Zimenezo ndinazikwanitsa. Chimene chinandiopsa n'chakuti ndili kuseri kwa thankiko ndinamva anti akutsegula chivundikiro cha pulesha.

Ndinaima pamenepo mphepo ikundiwaza fumbi m'miyendo, ndikuwerengera njira ziwiri zimene ndinkaziona. Ndikanena, ndiye kuti ntchito imene anandiitanira yatha. Akananditumiza kwathu n'kutenga mng'ono wanga Memore, amene anali adakali mwana, ndipo yunifolomu ija akanangoipinda m'munsi kuti imukwane. Ndikakhala chete n'kuthira mchere, udzalowa mwa anti, kuchoka mwa anti kulowa mumkaka, kufika mwa Takondwa. Kwathu ndinaonapo khanda lotupa mapazi, khungu likunyezimira, amayi akunong'onezana panja kuti pali wina anathira mchere asakuyenera. Takondwa n'kuti atayamba kumene kugwira chala changa ndikamamusintha thewera. Sindikanatha.

"Enelesi, mchere."

Ndinalowa. Anti anali atanyamula mwana paphewa, akumusisita kumsana kuti abyukule, maso ali pawindo kuyang'ana kugeti. Ndinasamba m'manja monga mwa masiku onse. Ndinalowetsa dzanja pakamwa pa kachitini osakhudza kanthu, ndinafumbata mphepo, ndinatembenuka kuti msana wanga uwatchinge, n'kuwaza dzanja lopanda kanthu mozungulira pamwamba pa nyemba. Ndinasasanso m'manja, monga ndinkachitira. Anti anatseka ndi dzanja limodzi, chivundikiro chinalira, manambala ofiira anayaka. Nyemba zitapsa anazikhuthulira m'mbale yovundikira n'kutereka nkhuku. Anaitananso, ndipo ndinachitanso chimodzimodzi.

M'nzeru zanga zachibwana ndinkaganiza kuti penapake wina alawa n'kukonza, monga zimakhalira kumudzi, kumene mphika umavundukulidwa kangapo ndipo aliyense wodutsa amaviikamo chipande. Ndinaiwala lamulo lija. Ukatseka watseka. Alendo anafika nkhuku ikadali m'kati, nyumba inadzaza ndi moni, nyimbo yotamanda, mwana akuyenda m'manja. Pulesha italira kuti yamaliza, anti anatulutsa nthunzi mothamanga, anapakula osalawa, ine n'kunyamula mbale kupita nazo pathebulo. Fungo lake linali labwino zedi, moti mayi mmodzi wakutchalitchi anati nkhuku imeneyi yakomera m'mphuno kale.

Ndinazungulira ndi beseni ndi jagi, kugwada pamaso pa aliyense kuti asambe m'manja. Anapemphera. Ine ndinakakhala pampando wanga waung'ono pafupi ndi khomo la kukhitchini, mbale pamiyendo, miyendo nditaipanikiza. Ndinaona supuni ya anaBanda ikukwera. Anatafuna pang'onopang'ono. Analawa nyemba, kenaka anaviika nsonga ya supuni mumsuzi wa nkhuku. Amayi akutchalitchi aja anapitiriza kudya mwaulemu, maso m'mbale, ngati anthu amene aona chinthu panjira n'kusankha kusachiona.

"Alamu," anatero anaBanda mokoma, "mchere wakwera mtengo chotere m'tauni muno? Mukanatiuza tikanabwera nawo wa kwathu."

Amayi aja anaseka pang'ono. Anti analawa msuzi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Koma anaBanda anali asanamalize. Anatembenuza khosi lawo lalitali n'kundipeza pakhomo paja. "Kodi si mwana uyu munakamutenga kumudzi kuti azikuthirirani mchere? Nanga lero dzanja lake latani?" Maso awo anatsika kuchoka pankhope panga, pachifuwa, mpaka pa chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa diresi, ine amene masiku onse ndinkayenda ndi diresi lokha. Ndinaona kuti ayamba kumvetsa, ndipo pakamwa pawo panatseguka kuti anene. M'makutu mwanga munalira ngati nthunzi ija. Ndinkafuna simenti ing'ambike ndilowe.

Anti sanandiyang'ane n'komwe. Anaika supuni pansi n'kunena ndi mawu awo a masiku onse, "Ayi alamu, ndamuletsa ndine, ndangoiwala kukuuzani. Achimwene anuwa adokotala awauza kuti achepetse mchere, magazi akuthamanga. Ndiye tayamba kuphika chonchi, aliyense azithira yekha m'mbale mwake. Bambo a Takondwa, tabweretsani mchere uli pawindopo."

Ankolo anali ndi ntchafu ya nkhuku m'manja. Anayang'ana akazi awo, pakamwa pali yasa. Kenaka anatsokomola, anapukuta zala n'kunena kuti, "Eya, bipi." Anadzuka, anadutsa pafupi ndi ine kulowa kukhitchini, n'kubwera ndi mchere m'kasosala. Nkhani inatembenukira pa iwo. AnaBanda anayamba kuwakalipira kuti n'chifukwa chiyani amabisa matenda kwa abale, amayi akutchalitchi anatchula masamba owiritsa ndi adyo, ndipo wina anati awapempherere asanapite. Anawapemphereradi, atawasanjika manja pamutu, ankolo atatsinzina mwamphamvu.

Munthu wamkulu akanaona kuti ndapulumuka. Ine sindinaone choncho. Chimene ndinaona n'chakuti m'nyumba imene ine ndinkatumidwa chilichonse, kuyambira supuni mpaka thewera, anti anadumpha ine n'kutuma mwamuna wamkulu, mwini nyumba, pamaso pa alendo, kuti akatenge mchere. Ndiye kuti adziwa. Ndipo ankolo, podzuka osafunsa, ndiye kuti nawonso adziwa. Mwamuna adziwa. Nkhuku ija sindinaimve kukoma kwake, ngakhale inafewa mpaka mafupa.

Alendo atapita, dzuwa likupendeka, ndinali kutsuka mbale pasinki. Anti analowa n'kutseka chitseko. Sanandifunse kanthu. Anaika pambali panga chitenje chatsopano chopindidwa, m'kati mwake muli paketi ya mapadi ndi sopo, n'kundionetsa mwachidule kagwiritsidwe kake, ngati mmene anandionetsera kamphira ka pulesha. Anati m'mimba mukapota ndizimwa madzi otentha, ndipo zochapa ndiziyanika pachingwe pansi pa chitenje, osati kuseri kwa thanki kumene kuli fumbi. Ndiye kuti ngakhale kuthanki anali atafikako. Ndinangoti, "Chabwino anti," maso ali m'thovu. Anaima pang'ono ngati akufuna kuwonjezera mawu, koma Takondwa analira kuchipinda, n'kutuluka.

Kuyambira tsiku limenelo kasosala kaja sikanachokenso pathebulo. Ankolo ndiwo ankakadzaza m'mawa asanapite kuntchito. Palibe anaitananso kuti, "Enelesi, mchere." Anti ankakazinga, kuthira madzi, kutseka, ine ndili chiimire pakhomo manja ali lende. Masiku anga atatha ndinadikira kuti mwina andiitana, pakuti mwambo umalola munthu kuthiranso akayera. Sanandiitane. Ndinati basi, sakundikhulupiriranso, ndine munthu wonamiza mphika.

Amene amaphika akudziwa kuti mchere wothira m'mbale sufanana ndi wopsera limodzi ndi ndiwo. Umangokhala pamwamba, m'kati muli mozizira. Nyemba zija zinasanduka wamba. Nthumbwana za ankolo zinataya ulemerero wake, ndipo ndinkawaona akuwaza timchere, kulawa, kuwazanso, osadandaula, nthabwala ya boma ija osainenanso. Mang'ina amene anti anaphika Loweruka lotsatira, ndikuganiza kuti ankafuna kundisangalatsa, ndinangowatola pang'ono. Kwa ine kasosala kaja kanali ngati chikwangwani pakati pa thebulo, cholengeza katatu pa tsiku chimene chinandichitikira. Aliyense akatambasula dzanja kukatapa, ine ndinkaweramira m'mbale mwanga. Ndinkadziona ngati mlendo wodya zaulere, amene wawonongera eni nyumba chakudya chawo.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulira, ndinauza anti kuti ndikufuna kupita kwathu. Ndinati ndawasowa amayi, ndiponso alibe wowathandiza kumunda. Anti anali akuyamwitsa. "Yunifolomu yako yatha kwa telala," anatero. "Pali amene wakulankhula zoipa m'nyumba muno?" Ndinati ayi. Anandifunsanso tsiku lotsatira, ndi linzake, modekha, osakalipa. Ankolo anayesa nthabwala, kuti ndikachoka adzalimbirana ndi ndani mafupa. Ine ndinangouma pa mawu amodzi omwewo. Ndikanatha bwanji kuwauza kuti ndikuthawa kasosala?

Anandiperekeza kudepoti ya ku Old Town. Mitengo ya jakaranda inali itayamba kuchita maluwa m'misewu ya ku Area 10, ena atagwera pansi ngati nsalu yoyala. Anti anandigulira mabanzi ndi nthochi, anandipatsira pawindo la minibasi, n'kunena kuti, "Ukasintha maganizo, matilesi ako alipo." Sindinasinthe. Ndinapitiriza sukulu kwathu mpaka Sitandade 8, pamenepo n'kuimira. Memore sanamutenge. Yunifolomu inabwera pambuyo ndi munthu wina wa kwathu, ndipo poti mtundu wake sunali wa sukulu yathu, amayi anaisandutsa diresi la kutchalitchi.

Panapita zaka. Ndinakwatiwa, tinabwera m'tauni, tikukhala m'chipinda cha lendi ku Area 1, pafupi ndi msika, kumene bambo a kunyumba amagulitsa zitsulo. Nditabereka mwana wanga wamkazi, Tamanda, anti anabwera kudzamuona atanyamula chikwama chachikulu cha mizeremizere. M'kati munali pulesha ija. Anati agula ina yatsopano, iyi ikungodya malo. Chogwirira chake chinali chomangidwa ndi waya, manambala ena osaonekanso bwino, koma kamphira anali atasintha. Tikucheza, ndinafunsa za ankolo, ngati magazi aja anasiya kuthamanga.

Anti anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Magazi ake ati? Munthu uja sanadwalepo bipi chibadwire. Anadya ndiwo zozizira mpaka Khirisimasi, iwe utapita kale, kuopa kuti alongo awo angatulukire n'kutigwira bodza. Mpaka lero akabwera amawabweretsera adyo." Kenaka anasiya kuseka, anayang'ana Tamanda ali m'manja mwawo, n'kunena motsitsa, "Ine ndinkati ndikakubwezera pamchere, mwezi wotsatira usiyanso, ndiye nyumba yonse izidziwira masiku ako pa kakomedwe ka ndiwo. Ndinati bola tonse tizidya zozizira."

Ndinadzuka kukatereka madzi a tiyi, ngakhale m'fulasiki munali modzaza.

Pulesha ija ndi imene ndimaphikira lero. Nyemba ndimatereka m'mawa magetsi akakhalapo, mang'ina mwezi ukatha, nkhuku yachikuda kukabwera alendo. Za tsempho sindikudziwa ngati ndimazikhulupirira monga kale. Akuchipatala amanena zina, apongozi anga amanena zina, ndipo ine ndimangotsata zimene zisunge mtendere pakhomo. Tamanda tsopano amayenda ndi kulankhula, ndipo akamva anyezi akulira m'mafuta amathamanga n'kukweza manja kuti ndimunyamule athire mchere. Ndimamunyamula, amawaza ndi kadzanja kake, wina n'kugwera pansi, ndipo amadzimva kuti chakudya sichingapse popanda iye.

Ndili mwana ndinkaona kasosala kaja ngati chala chondiloza. Sindinkadziwa kuti anthu awiri akuluakulu ankadya zosakoma tsiku ndi tsiku kuti chala chilichonse chisandiloze, ndiponso kuti matilesi aja sanali malipiro a mchere. Pathebulo pathu pali kasosala ka mchere, ndipo ndinakaika Tamanda asanamere ndi mano omwe. Bambo ake amafunsa kuti n'kantchito yanji pamene ndiwo zakolera kale. Ndimangoti kazolowereni kukaona. Likadzafika tsiku limene dzanja lake lidzalowe m'chitini n'kutuluka lopanda kanthu, ndikufuna kasosalako kadzakhale kakale pathebulo, koti palibe angakafunse kuti kabwera liti.